Seva ya shopu ya alamu anga tiikhazike kuti?

Alamu anga amagulitsa chakudya cha nkhuku ndi anapiye ku Area 25. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi chodzaza matumba mpaka kudenga, sikelo pakhomo, ndi buku la hadikava limene linatuwa kalekale ndi fumbi la gaga. Koma malonda ambiri sachitikira pakhomopo, amachitikira pa WhatsApp. Mayi wa ku Area 49 alemba kuti akufuna matumba awiri a chakudya cha anapiye, bambo wa ku Lumbadzi afunsa ngati anapiye afike Lachinayi, wina atumiza chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba n'kuwonjezera kuti "ndalipira, tumizani wakabaza." Madzulo alionse alamu ankakhala pa thumba, foni kudzanja lino, cholembera kudzanja linalo, kusamutsira zonsezi m'buku. Tsiku lina oda ya matumba asanu inakwiririka pansi pa mauthenga a gulu la kumpingo, mwini odayo anakagula kwina, ndipo usiku womwewo foni yanga inalira.

"Alamu, inu ndi amene mumadziwa za makompyuta. Palibe njira yoti zinthuzi zizidzilemba zokha?"

Njira inalipo. Pali pulogalamu yotchedwa n8n, imene inayambitsidwa ndi Jan Oberhauser ku Berlin mu 2019. Umaika timabokosi pa sikirini n'kumatilumikiza ndi mizere: uthenga ukalowa, kabokosi koyamba kaulandire, kachiwiri kapatule dzina la katundu ndi kuchuluka kwake, kachitatu kalembe mu Google Sheets, kachinayi kamuyankhe kasitomala kuti oda yalandiridwa. Mndandanda wotere amautcha workflow. Ndinapanga itatu: wolandira maoda, wolemba malipiro, ndi wotumiza kwa anyamata akabaza ndandanda ya kopita m'mawa uliwonse 7 koloko. Zinanditengera madzulo awiri okha. Chimene chinanditengera pafupifupi chaka, ndiponso chimene ndikulembera nkhaniyi, ndi funso limene poyamba ndinaliona laling'ono: pulogalamuyi izikhala pa kompyuta iti? Kompyuta yotere, yogwirira ntchito ena kudzera pa intaneti, ndiyo amati seva.

Ndinayamba ndi laputopu yakale kunyumba kwanga. Inali yaulere, ndipo ndinkaiona ndi maso. Koma aliyense amene anali m'tauni muno mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130, sangaike bizinesi ya munthu pa soketi ya pabalaza ndi mtima umodzi. Laputopu ili ndi batire, inde, koma rauta ilibe, ndipo bandulo imatha nthawi imene yafuna. Lachisanu lina magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko. Atayaka, zonse zinkaoneka bwinobwino pa sikirini. Panalibe chofiira paliponse. Ndi Loweruka pamene tinazindikira kuti maoda asanu ndi awiri sanalembedwe.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kusiyana kwa webusayiti wamba ndi ntchito zodziyendera zokhazi, ndipo kuyerekeza kulikonse kwa mapulani a hosting (lendi ya malo pa seva) kumene sikuyambira pamenepa kumasocheretsa. Webusayiti ikagwa, munthu amaona kuti yagwa, amadandaula, amayesanso masana. Koma n8n imalandira nkhani kudzera pa chimene amati webhook: seva ya kwina imagogoda pa adiresi yako n'kusiya uthenga. Ikapeza palibe woyankha, ena amabweranso kangapo, ena sabweranso, ndipo palibe munthu amene amaona kuti kunabwera mlendo. Webusayiti ikufunika kukhala yachangu pamene munthu wafika. n8n ikufunika kukhala maso usana ndi usiku, ngakhale isakhale yachangu kwenikweni. Ndi mlonda, si wogulitsa.

Tsono ndinayamba kufufuza za cloud. Dzinali lisakuopseni. Ndi makompyuta a eni ake, oikidwa m'nyumba zikuluzikulu zozizira zimene magetsi ake sathima, ndipo iwe umachita lendi kachigawo. Mitundu ya lendiyo ndi imene imasiyana. Pali shared hosting, imene ili ngati chipinda pa mdadada wa nyumba za lendi: bafa limodzi, mpopi umodzi, malamulo a alandilodi. Pali VPS, nyumba yoima payokha koma yopanda kanthu m'kati, makiyi ali ndi iwe, denga likadontha ukwerapo wekha. Pali mapulatifomu monga Render, Railway ndi Heroku, amene ali ngati loji: ubweretse chikwama chako chokha, zofunda ndi zosesa n'zawo. Ndiye pali akuluakulu, AWS, Azure ndi Google Cloud, amene amakupatsa chilichonse chimene ungaganize, koma chilichonse ndi mita yakeyake.

Monga munthu aliyense amene m'thumba muli mopepuka, ndinathamangira pulani yaulere ya pulatifomu ina. Masiku awiri oyamba ndinasangalala. Tsiku lachitatu ndandanda ya 7 koloko sinapite. Chifukwa chake chinalembedwa poyera m'malamulo awo, ine ndi amene sindinawerenge: pulogalamu ya pa pulani yaulere imagonekedwa pakapita mphindi 15 popanda woichezera. Kwa webusayiti yoonetsa zithunzi za ntchito zako zimenezi si vuto, mlendo adikira pang'ono idzuke. Koma wotchi ya m'kati mwa n8n singalire pamene n8n yagona. Choipa kwambiri chinabwera pambuyo pake. n8n, ukapanda kuiuza zina, imasunga zonse m'kafayilo ka SQLite pa disiki, ndipo disiki ya pulani imeneyo inkafufutika nthawi iliyonse pulogalamu ikayambitsidwanso. Ndinatsegula m'mawa wina n'kupeza ikundifunsa dzina ngati sitinaonanepo. Ma workflow onse atatu anali atapita.

Sindikunena kuti zaulere n'zachabe. Wophunzira wa ku koleji amene akufuna kudziwa Docker, chida choikira mapulogalamu pa seva, ayambire pomwepo. Oracle imapereka ma seva aulere okhala ndi RAM (malo amene kompyuta imanyamuliramo zimene ikugwirapo ntchito) yochuluka ndithu, ndipo ambiri aphunzirirapo. Koma malamulo awo omwe amanena kuti seva yaulere imene ikungokhala osagwira ntchito yooneka akhoza kuilanda, ndipo n8n ya shopu yaing'ono nthawi zambiri imangokhala phee kudikira. Komanso chaulere chimatha tsiku limene mwini wake wafuna. Heroku inali kwawo kwa mapulogalamu aulere kwa zaka zambiri, ndipo pa 28 Novembala 2022 inatseka mapulani aulere onse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kenako ndinakhala pansi ndi pepala kuwerengera zolipira. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusakhala ndi seva n'komwe: kulipira n8n Cloud, kapena Zapier, kapena Make imene kale inkatchedwa Integromat. Iwo amasamalira zonse. Koma amawerenga mosiyana, ndipo pamenepa ndi pamene pamabisala ndalama. Zapier imawerenga sitepe iliyonse imene yagwira ntchito. n8n Cloud imawerenga workflow yonse ngati ulendo umodzi, kaya ili ndi timabokosi titatu kaya makumi atatu. Tiyerekeze kuti shopu ikulandira mauthenga 60 patsiku. Pamwezi ndi 1,800. Ngati uthenga uliwonse ukudutsa masitepe asanu, kwa owerenga masitepe ndi 9,000, pamene kwa n8n ndi 1,800 yomweyo. Pamene ndinkayang'ana, pulani yotsikitsitsa ya n8n Cloud inali cha m'ma yuro 20 pamwezi ndipo inkalola maulendo 2,500. Pa pepala zinkakwana.

Koma pepala silinadziwe zinthu ziwiri. WhatsApp ya bizinesi sigogoda pa webhook pokhapokha kasitomala akalemba. Imagogodanso kukuuza kuti yankho lako lapita, kuti lafika, kuti lawerengedwa. Kugogoda kulikonse kukhoza kudzutsa workflow. Chachiwiri, ndinali ndi kachizolowezi koika wotchi yoti izisuzumira mu Google Sheets mphindi zisanu zilizonse. Ndi maulendo 288 patsiku, 8,640 pamwezi, kungosuzumira chabe. Zonsezi zikhoza kukonzedwa ukadziwa, ndipo ndinene mosabisa: ofesi imene ilibe munthu wa makompyuta, koma ili ndi njira yodalirika yolipirira kunja, isavutike ndi zimene ndikufotokoze m'munsimu. Ilipire n8n Cloud igone tulo. Ndalama imene ikuoneka yochuluka ikugula munthu woti adzuke usiku m'malo mwanu.

Mawu akuti "njira yodalirika yolipirira kunja" ndi amene akusiyanitsa ife ndi anzathu amene amalemba zoyerekeza mapulani ali ku London kapena ku Berlin. Kwa iwo dola 6 ndi dola 12 zimasiyana ndi kapu ya khofi. Kwa ife dola ili ndi miyendo. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 pa mtengo wa kubanki. Seva ya madola 12 imene dzulo lake inali pafupifupi K14,000 inadzuka ili pa K20,000 ndi kanthu, kampaniyo isanasinthe chilichonse. Ndipo mtengo wa kubankiwo umagwira ntchito pokhapokha khadi ikadutsa.

Khadi yanga ya kubanki inakana mwezi wachinayi wolipirira seva. Munali ndalama mu akaunti, koma malire a zolipira kunja anali atatsitsidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Imelo yoyamba ya kampani ya seva inali yaulemu. Yachiwiri inatchula tsiku limene adzazimitse. Ndinakwera minibasi kupita ku Old Town, ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa, ndinadzaza fomu, ndipo mayi wa pa kauntala anandiuza mwachifundo kuti ndidikire, pempho lapita kwa akuluakulu. Ndinatuluka dzuwa lili pamutu, ndikuganiza za maoda a Lachinayi, tsiku la anapiye, ndi madola 12 amene anandiimitsa theka la tsiku. Anatipulumutsa ndi msuweni wa alamu amene amagwira ntchito ku Joni: analipira ndi khadi yake, alamu n'kupereka makwacha ake kwa mayi ake kumudzi.

Kuyambira tsiku limenelo mafunso anga kwa pulani iliyonse anasintha. Ndisanafunse za RAM ndimafunsa: kodi bilu ya mwezi wamawa ndikuidziwa lero? Kodi amalola kuikiratu ndalama ya miyezi ingapo tsiku limene khadi yadutsa? Kodi ndikachedwa kulipira amandipatsa masiku angati asanafufute? Ndi chifukwa chake, pa ntchito yaing'ono, ndinasiya kuganizira AWS ndi anzake, ngakhale ndimawalemekeza. Ife tinazolowera mayunitsi a magetsi ogula pasadakhale: wagula a K10,000, akatha athima, nkhani yatha. Akuluakuluwa ali ngati mita yakale ija, yoti ugwiritse ntchito kaye bilu ibwere kumapeto kwa mwezi. Kompyutayo ili ndi mtengo wake pa ola, disiki mtengo wake, deta yotuluka mtengo wake pa gigabayiti, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 AWS imalipiritsanso adiresi ya IPv4, nambala imene seva imapezekera pa intaneti, theka la senti pa ola, pafupifupi madola 3.60 pamwezi. Palibe chobisika, zonse zinalembedwa. Koma workflow imodzi ikalakwika n'kumadzizungulira yokha usiku wonse, mita imazungulira nayo, ndipo bilu imabwera m'ndalama imene sungaipeze ngakhale utagulitsa matumba onse m'shopu. Kampani yaikulu yokhala ndi akaunti ya madola ndi anthu oyang'anira zimenezi ikhoza kupindula nazo kwambiri. Shopu ya ku Area 25 ayi.

Ndinatsala ndi VPS ya mtengo wokhazikika. Awiri amene anzanga ambiri amatchula ndi DigitalOcean ndi Hetzner. Pamene ndinkasankha, DigitalOcean inali ndi ya madola 6 yokhala ndi 1 GB ya RAM ndi disiki ya 25 GB, ndi ya madola 12 yokhala ndi 2 GB ndi disiki ya 50 GB. Hetzner, kampani ya ku Germany yokhala ndi ma seva ku Falkenstein, Nuremberg ndi Helsinki, inkapereka 4 GB ya RAM pa mtengo wosafika ma yuro 5, pamodzi ndi ma terabayiti 20 a deta pamwezi. Mitengo imasintha, kayang'aneni ya lero. Pa ndalama yokha Hetzner inali patsogolo kutali. DigitalOcean ili ndi malangizo olembedwa bwino kwambiri, ndipo munthu amene akuyamba kumene amapeza yankho la pafupifupi vuto lililonse. Zonse ziwiri zilibe ma seva mu Africa.

Pa RAM ndinene zimene ndinaona ndi maso. n8n pa 1 GB imayaka n'kumagwira ntchito bwinobwino malinga ikunyamula mawu okhaokha. Imayamba kupuma movutikira tsiku limene mwaipatsa zithunzi, ma PDF, kapena fayilo ya mizere masauzande, chifukwa zimene ikugwirapo ntchito imazinyamula m'manja. Makasitomala a alamu amatumiza zithunzi za malisiti. Kwa ine 2 GB ndi poyambira, ndipo 4 GB ndi pamene munthu umasiya kuyang'ana mita. Za kuchuluka kwa ma CPU sindinadandaulepo nazo. Mlonda safuna miyendo inayi.

Ndiye funso limene ndinkaganiza kuti ndi lalikulu kuposa onse: seva ikhale pafupi kapena kutali? Kuchokera ku Lilongwe, Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,500, Frankfurt pafupifupi 7,500. Kuwala m'chingwe cha fayiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, ndipo chingwe sichiyenda molunjika. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukakwera zingwe za pansi pa nyanja monga EASSy ndi SEACOM ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, kenako n'kuzungulira mpaka ku Ulaya. South Africa tsopano ili ndi zonse: Azure inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, AWS ku Cape Town mu Epulo 2020, Google Cloud ku Johannesburg mu Januwale 2024, ndipo Vultr, imene imagulitsa VPS za mtengo wokhazikika, ilinso ku Johannesburg. Mtima wanga unkati pafupi ndiye pabwino.

Koma taganizani amene n8n ya alamu imalankhula naye tsiku lonse. Si alamu. Imalankhula ndi ma seva a Meta, eni ake a WhatsApp, ndi a Google. Uthenga wa mayi wa ku Area 49 umachoka pa foni yake kupita kwa Meta, ndipo ndi Meta amene amakagogoda pa seva yathu. Kaya sevayo ili ku Germany kaya ku Joni, mayiyo sangaone kusiyana, chifukwa yankho lofika patatha sekondi imodzi ndi lofika patatha sekondi ndi theka kwa iye ndi limodzi. Pa 12 Meyi 2024, zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta kuno, ku Tanzania, ku Mozambique ndi maiko ena a kuno kummawa. Ine ndinkalephera kutsegula tsamba la n8n kuti ndione zimene zikuchitika. Koma uthenga uliwonse umene unakwanitsa kutuluka m'dziko muno unalembedwa mu Google Sheets, chifukwa kuchokera kwa Meta kupita ku seva mpaka kwa Google panalibe podutsa pa chingwe chodukacho. Ikanakhala pa laputopu ija pabalaza, bwenzi nkhani ili ina.

Webusayiti imene anthu amadina ndi zala ndi nyama ina. Chaka chomwecho ndinapangira sukulu ina yapulaiveti pulogalamu yolembera fizi ndi kusindikiza malisiti. Kumeneko mtunda umamveka. Abasa akadina dzina la mwana, pempho lipite, yankho libwere, adine kalasi, lipitenso, ndipo tsamba limodzi likhoza kupita ndi kubwera kangapo lisanaoneke. Pa mzere pali makolo makumi atatu. Kachedwedwe kochepa kaja kakachulukitsidwa kamasanduka mzere wofika panja. Pulogalamu yotere ndi imene iyenera Johannesburg, ngakhale mtengo utakwererako. Koma musakhulupirire mapu okha. Yesani ping, muyeso wa nthawi imene pempho limatenga kupita ndi kubwera, kuchokera pa layini ya TNM, ya Airtel ndi pa intaneti ya mu ofesimo, chifukwa njira imene kampani iliyonse imadutsa pofika ku Joni si imodzi. Ndipo kawirikawiri chimene chimachedwetsa tsamba si seva, ndi chithunzi cha ma megabayiti anayi cha ahedi pa tsamba loyamba, chimene chikudyanso bandulo ya kholo.

Za mawebusayiti ena sindichedwapo. Tsamba longoonetsa dzina la bungwe, zimene limachita ndi manambala a foni likhoza kukhala pa GitHub Pages, Netlify kapena Cloudflare Pages kwaulere, ndipo pamenepo zaulere zimakwanadi chifukwa palibe chimene chikufunika kukhala maso. WordPress kapena pulogalamu ya PHP imakhala bwino pa shared hosting, ndipo ubwino wa makampani a konkuno ndi woti umalipira makwacha ndipo ukhoza kukagogoda pa ofesi yawo. Ndimawatumizira anthu ambiri. Chokhacho, n8n sikhala pa mdadada woterowo, chifukwa alandilodi ambiri salola Docker kapena pulogalamu yoyaka osazima.

Cholakwa changa chachikulu chinali chofuna kupulumutsa ndalama. Ndinaika n8n ya alamu ndi pulogalamu ya sukulu pa seva imodzi ya 2 GB. Miyezi iwiri zinayenda. Lolemba lotsegulira teremu, m'mawa womwewo, gulu la alimi linatumiza kwa alamu zithunzi za malisiti zambirimbiri nthawi imodzi. n8n inameza RAM yonse, ndipo Linux, pulogalamu yoyendetsa sevayo, monga imachitira ikapanikizika, inasankha pulogalamu imodzi n'kuipha. Inasankha database ya sukulu, yosunga mbiri zonse. Abasa anandiimbira mawu akunjenjemera, kumbuyo kukumveka phokoso la makolo: "Achimwene, makina akukana, anthu ayamba kulusa kuno." Ndinakonza m'mphindi khumi, koma manyazi amene bambo aja anaona pamaso pa makolo sindikanatha kuwabweza. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndi zoona kwa munthu mmodzi. Koma apa panali anthu awiri osadziwana amene ndinawalowetsa m'phanga limodzi. Sabata yomweyo ndinawalekanitsa: n8n pa seva yotchipa ku Ulaya, sukulu pa yakeyake ku Johannesburg, aliyense akaunti yake ndi bilu yake.

Palinso lamulo. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa Data Protection Act, ndipo MACRA ndi imene imayang'anira. Lamuloli limakhudza mmene timasungira mbiri za anthu, kuphatikizapo kuzitumiza kunja kwa dziko. Mayina a ana a sukulu, manambala a foni a makolo, ndalama zimene wina walipira, zonsezi ndi za eni ake. Ndinauza oyendetsa sukulu momveka kuti mbiri zawo zili ku South Africa, ndipo ndinawapempha kuti afunse wodziwa malamulo. Pa n8n napo pali choti mudziwe: imasunga zonse zimene zadutsa mu workflow, manambala ndi mauthenga omwe, kwa masiku 14 ukapanda kusintha. Ndinachepetsa masikuwo. Chimene sunasunge sichingabedwe.

Walira mvula walira matope. Ukasankha VPS, ntchito zonse zimene a n8n Cloud akanakugwirira zimagwera iwe, ndipo mtengo wa nthawi yako suoneka pa tsamba la mitengo. WhatsApp ndi Telegram sizigogoda pa adiresi yopanda HTTPS, loko yotetezera mauthenga panjira, choncho pamafunika domeni (dzina la adiresi ya pa intaneti) ndi satifiketi ya lokoyo. Za Let's Encrypt n'zaulere koma zimatha pakapita masiku 90, ndiye ndinaika Caddy imene imazikonzanso yokha. Pulogalamu imafuna kuikidwa zatsopano kawirikawiri, makamaka zotseka mipata ya akuba, ndipo tsamba lolowera la n8n lili ndi makiyi a WhatsApp ndi Google a bizinesi yonse. Ndinachoka pa SQLite kupita pa database ina yotchedwa PostgreSQL. Ndipo backup, kope lapadera la zonse. Pa 10 Malichi 2021 moto unapsereza nyumba ya ma seva ya OVHcloud ku Strasbourg, ndipo amene backup yawo inali m'malo omwewo anataya zonse. Cloud ndi nyumba ya njerwa ndi mawaya, imapsa. Yathu imakopedwa usiku uliwonse kupita kwa kampani ina, ndipo kamodzi pamwezi ndimatsitsa kope lina pa flashi.

Kanthu kena kamene ambiri amakadziwa mochedwa: n8n imatseka mapasiwedi onse amene mwaipatsa ndi kiyi imodzi, N8N_ENCRYPTION_KEY. Mukhoza kukhala ndi backup yonse ya database, koma popanda kiyi imeneyo mapasiwedi aja sangatsegukenso pa seva yatsopano. Ndinailemba pa pepala ndi dzanja, zilembo zonse, ndinaiwerenga kawiri.

Tsiku loyamba pa seva yatsopano ndandanda ya akabaza inafika 1 koloko masana m'malo mwa 7 m'mawa. Anyamata anali atabalalika kale kukasaka ena owanyamula. n8n, ukapanda kuiuza, imatsata wotchi ya ku New York, imene nyengo imeneyo inali kumbuyo kwathu ndi maola asanu ndi limodzi. Mzere umodzi wokha unakonza: GENERIC_TIMEZONE=Africa/Blantyre. Mawa lake ndinalawirira ku shopu kuti ndione ndekha. Kunali kachisanu ka Juni, anyamata atatu atakhala pa njinga zawo zamoto manja m'thumba, alamu akutsegula loko. Itangokwana 7, mafoni atatu analira pamodzi. Mmodzi anawerenga mokweza: Area 49 matumba awiri, Lumbadzi anayi, Kanengo limodzi. Anayamba kukweza.

Akaunti ya seva ndinaitsegula pa imelo ya alamu, osati yanga. Ndaona mabungwe ambiri m'tauni muno amene webusayiti yawo inapita ndi mnyamata amene anaipanga, atasamuka kapena atayambana, ndipo sindinafune kuti mlongo wanga ndi ana ake adzadalire kuti ine ndilipo. Ndinaika mu envelopu pepala la kiyi ija, mapasiwedi, dzina la kampani, ndi tsiku lolipira. Alamu anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ndiye kompyuta yakeyo ili kuti kwenikweni, alamu?"

"Ku Germany."

"Ndipo ikudziwa kuti Lachinayi ndi la anapiye?"

"Ikudziwa."

Anatsegula buku la hadikava lija, limene amalembamobe ngongole za anthu owadziwa, anaika envelopuyo pa tsamba lomaliza, namanga bukulo ndi mphira. Kenako anandiuza kuti msuweni wa ku Joni akubwera pa Khirisimasi, ndiwerengeretu ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi kuti tidzaikiretu nthawi imodzi.